Nzama za mumtsuko wanu

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhalako bwanji? Ife kuno ku Lirangwe tilipo ndithu. Ndine Esime. Ndakhala pakhonde panu paja munkasankhira nyemba, ndipo ndati lero ndikuuzeni nkhani zonse bwinobwino, chifukwa tikabwera kudzalambula kumanda timakhala chigulu, munthu sungayankhule zakukhosi amalume ali pambali akulamula makasu.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Chiliza chanu tinamanga chaka chatha. Mmisiri wake anayesetsa, ngakhale mtanda unapendekeka pang'ono, ngati mmene munkapendeketsera mutu munthu akamakunamizani. Mwana wanu Sitiveni akadali pa kabaza ku Chileka kuja, koma tsopano ali ndi njinga yamoto, ndiye akamadutsa pano ndi fumbi lokhalokha, moni amachita kuponya ali patali. Mkazi wake anachira, kunabadwa mwana wamwamuna wa mphuno yanu yeniyeni. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa kawiri, kenako inayamba kulowa m'minda ya eni ake, mpaka tinaigulitsa kuti pamudzi pakhale mtendere. Chimanga chaka chino chinakumana ndi ng'amba chikumasula kumene, ndiye nkhokwe sidzaza, koma nandolo wachita maluwa bwino.

Mimba ija munandisiya nayo sinafike, Amayi. Patapita miyezi ingapo tikuikani, mwana anabadwa ali chete. Zinayenda monga mukudziwira mmene mtayo umayendera: azimayi akuluakulu okhaokha, popanda nyimbo, popanda bokosi, ine ndili m'nyumba. Anandiuza kuti ndisalire, ndingatseke njira ya ena obwera. Sindinalire. Ndinadzuka, ndinakatunga madzi kumjigo, moyo n'kumapita. Kenako Mulungu anatipatsa Yankho, mng'ono wake wa Dalitso wanga wachisamba uja, ndipo pano akuyenda, akugwetsa chilichonse chimene dzanja lake lafikira. Mukanamuona mukananena mawu anu aja akuti, "Uyu manja ake ali ndi njala."

Koma amene wandikhazika pansi kuti ndilembe ndi mzime wanu, Tiyamike. Munamusiya atangolowa kumene ku yunivesite, akadali kamtsikana kochita manyazi kufunsa njira. Pano ali chaka chomaliza. Zimene akuphunzirazo dzina lake lilime langa limakana, akuti fiziyoloje ya zomera ndi bayokemisitile. Nditamuuza kuti atanthauzire kuti anthufe timve, anati, "Achemwali, ndimaphunzira mmene chomera chimadyera, mmene chimamwera, mmene chimapumira, ndi zimene zimaphikidwa m'kati mwa tsamba." Ine ndinati nanga zimenezo mpaka zaka zinayi, si zomwe timaona m'munda tsiku ndi tsiku? Anangoseka. Pano ndinasiya kufunsa mafunso otero.

Mukukumbuka ali wamng'ono ankazula nyemba zanu zitangomera kuti aone ngati mizu yatalika, n'kuzibwezeranso m'dothi ngati palibe chachitika? Ine ndinkapsa mtima, ndinkafuna mumukwapule. Inu munkangoti, "Musiye, akufunsa mafunso ake. Nyemba tidzala zina." Khalidwe limenelo sanasiye, langokula. Kuyenda naye kuchoka pasiteji kufika kunyumba kuno, ulendo waufupi uja, mumafika miyendo itatopa ndi kuima. Aima pa chisoso, atembenuza tsamba la mpiru, anunkhiza muzu wa udzu. Anthu amafunsa kuti kodi mng'ono wanuyo wataya chiyani.

Tsiku lina anatenga kyutekisi wanga wopaka m'zikhadabo, uja wopanda mtundu, n'kupaka kunsi kwa tsamba la chimanga. Atauma anamusenda ngati kakhungu, n'kunena kuti zoterezi kusukulu amaziika pa makina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. Anandionetsa chithunzi chake pafoni. Amayi, ndinaona timilomo tambirimbiri tondandalikana m'mizere, tina tayasama, tina tatseka. Akuti tsamba lililonse lili nato. Mpweya umalowera pamenepo, ndipo chomera chimausakaniza ndi madzi ndi kuwala kwa dzuwa n'kupanga shuga wake. Koma madzinso amathawira pomwepo. Ndiye dzuwa likawawa timilomoto timatseka, ndipo tikatseka chomera sichidyanso. Anati, "Mukaona chimanga chapota masamba masana, dziwani kuti chasankha kukhala ndi njala kusiyana n'kufa ndi ludzu." Chichokereni tsikulo, ndikamapalira ndimaona ngati ndili pakati pa anthu, ndipo khasu ndimaliponya mosamala.

Musaganize kuti zimangobwera zokha. Mwanayu amalimbikira, ndipo ine ndimamusirira. Akabwera kutchuthi, mbale amatsuka akuimba maina a mankhwala a m'kati mwa tsamba pa chuni cha nyimbo za kwaya, kuti asaiwale. Amajambula pabwalo ndi kamtengo, bwalo lalikulu lokhala ndi mivi, ichi chisanduka ichi, ichi chibwerera apa, mpaka nkhuku zifufute. Mayeso ena anamugwetsapo, anaimba foni akulira, koma anabwereza n'kukhoza. Tchuthi china sanabwere n'komwe chifukwa mbewu zake za m'miphika zinalibe wozithirira. Ndinamunyoza kuti wasiya abale chifukwa cha masamba, koma mumtima ndinkati uyu ndi mwana wa Amayi weniweni.

Tsopano ndifike pa mtsuko wanu. Uja wakuda, womata ndi dothi pakamwa, umene unkakhala kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwanu. Muja munali nzama zanu zambewu, zofiirira zamadontho akuda, zimene munkati anabwera nazo anganga awo a amayi anu pochoka ku Mozambiki, atazimanga pansonga ya nsalu. Pamsika wa Lirangwe nzama zimapezeka, ngakhale ku Chileka, koma zamtundu umenewu sindinazionepo kwa munthu wina aliyense.

Chiikireni maliro anu palibe amene anaukhudza, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa. Kwathu kuno nzama sadzala munthu wamba. Amadzala mayi amene anaikapo mwana m'manda. Wina akadzala, akuti amaitanira imfa pakhomo. Inu munkadzala chifukwa cha Lute, mwana wanu woyamba, amene anamwalira ndi chikuku ine ndisanabadwe. Chimanga chikafika m'mawondo munkapita nokha kuchigawo chamchenga chija kumapeto kwa munda, ndipo ife munkatiletsa ngakhale kugwira mbale ya mbewu. Ndinkakuonerani patali mukuwerama, milomo ikugwedera, ndiye ndinkaganiza kuti mukuwerenga mapando. Pokolola ndi pakudya m'pamene tinkaloledwa tonse, ndipo pamenepo palibe amene ankachedwa.

Ndiye inu mutapita, akanadzala ndani? Ine ana anga awiri ali moyo, ndipo mtayo, monga amanenera akuluakulu, sawerenga. Mkazi wa Sitiveni ndi wachichepere. Tiyamike sanabereke n'komwe. Madzinja atatu anadutsa mtsuko uli pomwepo. Ndinkausesa m'mbali, n'kumadziuza kuti bola ndausunga bwino, anankafumbwe sanalowe.

Pa tchuthi cha Khirisimasi chapitachi Tiyamike anafika, ndipo asanavule n'komwe nsapato anafunsa.

"Achemwali, nzama za amayi zija zilipo?"

"Zilipo. Zili bwinobwino, sindinatsegule olo kamodzi."

"Nde vuto lake limenelotu. Inu mukuona ngati zikudikira, koma zikufa."

Ndinakwiya, ndinati afike kaye, amwe madzi, asandiphunzitse kusunga katundu wa mayi anga. Koma anakhala pamkeka n'kundifotokozera modekha. Akuti mbewu youma si mwala. Imapuma pang'onopang'ono, ikudya kamba amene chomera chinailongedzera. Kutentha kwathu kuno kumaifulumizitsa kukalamba, ndipo za m'kati zikawonongeka, basi, ngakhale uithirire motani sidzuka. Kunja imaonekabe yokongola. Anati anawafotokozera aphunzitsi ake za mtsukowu, ndipo anamupatsa kabotolo ka mankhwala oyezera ngati mbewu ili moyo. Anakatulutsa m'chikwama, kokutidwa ndi pepala kuti kasaone dzuwa.

Dothi la pakamwa pa mtsuko ndinaswa ndine. Fungo la phulusa lanu litatuluka ndinatembenukira kukhoma kaye. Tiyamike anatapa pang'ono, anaswa makoko, n'kuviika nzamazo m'madzi mpaka m'mawa. Kutacha ndinamupeza pakhonde ali ndi lezala.

"Iwe, wapenga eti? Mbewu n'zochepa kale, nde uzizidulanso?"

"Khumi zokha, achemwali. Izi zikatiuza zoona, tipulumutsa zinzake."

Ndinaima pamenepo manja ali m'chiuno, iye akung'amba imodziimodzi pakati, mosamala ngati namwino. Anandionetsa kamtima ka mbewu, kanthu kakang'ono koyera kamene kamadzakhala muzu ndi tsinde. Anaziika pa sosala, anathira mankhwala aja, ooneka ngati madzi wamba, n'kuvundikira ndi poto pamalo ofunda. Anati, "Yamoyo ifiira, chifukwa kupuma kwake kumasintha mankhwalawa. Yakufa ikhala yoyera chomwecho." Ine ndinapita kukachapa, koma ndikuuzeni zoona, malaya amodzi a Dalitso ndinawachapa kawiri.

Dzuwa litapendeka anandiitana. Anavundukula poto uja. Zisanu ndi imodzi zinali zitafiira, kamtima kali psuu ngati kadontho ka magazi. Zinayi zinali mbuu. Amayi, ndinangokhala pansi pomwepo. Zaka zonsezi m'chipinda chanu munali chinthu chopuma, chimene munachigwira ndi manja anu, ine ndikusesa pambali pake osadziwa. Ndinasangalala ndiponso ndinachita mantha nthawi imodzi. Tiyamike anati, "Chaka chamawa mwina zidzafiira ziwiri, mwina osafiira n'imodzi yomwe. Zikufunika kulowa m'nthaka mvula yomwe ino."

Apa m'pamene tinayambana. Iye anati adzala yekha mawa lomwe. Ine ndinati akangogwira mbale ya mbewu, chibale chathu chithere pomwepo. Ndiye anandiululira zimene ankandibisira, kuti kafukufuku wake wa chaka chomaliza ndi wa nzama. Wakhala akudzala m'miphika kusukulu kuja, mitundu yosiyanasiyana, ina n'kumaimana madzi dala, n'kumayeza pasikelo m'mawa uliwonse, n'kumasinja masamba kuti aone zimene chomera chimapanga m'kati ludzu likachigwira. Akufuna adziwe mtundu umene umapirira ng'amba kuposa unzake.

"Ndadzala kambirimbiri, achemwali. Nde ndafa?"

"Za kusukulu ndi za kusukulu. Izi ndi za pakhomo pano, ndipo pakhomo pano pali Yankho."

Ndinayembekeza kuti andiseka, kapena anditchula mbuli. Anayang'ana Yankho, amene anali pansi akulimbana ndi chivundikiro cha poto. Kenako anati, "M'mabuku mwanga zimenezo mulibe, ndipo ine sindikhulupirira kuti nzama ingaphe mwana. Koma sindidzala inu mtima uli m'mwamba. Yankho akadzangotsokomola, simudzagona, ndipo mudzayang'ana ine. Tiyeni tipeze munthu woyenera." Amayi, pa zonse zimene mwanayu waphunzira, apa m'pamene ndinamugomera kwambiri. Mwana amene amadziwa maina a zinthu za m'kati mwa tsamba anadziwanso kuti mantha a mkulu wake sangawachotse ndi mkangano.

Tinapita kwa mnzanu Abiti Saidi, tsidya la mtsinje, amene munkagulitsa nawo zitumbuwa moyandikana pamsika. Akalamba, akuyendera ndodo, koma pakamwa m'pomwe paja. Paja iwo anaika ana aamuna awiri. Atamva nkhani yathu anatiyang'ana nthawi yaitali, makamaka ine, ndipo anangoti, "Ikagwa yokhutitsa, mundiona."

Mvulayo inagwa chaka chatsopano chitangolowa. M'mawa mwake tinapita kuchigawo chamchenga chija. Tiyamike anali atakonza kale mizere, atakoka chingwe, atayeza mapando ndi kamtengo kuti atalikirane mofanana. Anati m'phando lililonse mulowe ziwiri, poti pafupifupi theka n'zakufa ndipo sitingazizindikire ndi maso. Ine ndinaima m'malire mwa munda, Yankho ali kumbuyo, monga ndinkaimira kale inu mukamadzala. Abiti anafika mochedwa, ndodo ikumira m'matope, mpango uli kumutu. Anatenga mbale ya mbewu, anatchula dzina la Mulungu m'chinenero chawo cha mapemphero, koma sanawerame.

"Esime, mwanayo mpatse mng'ono wako. Bwera kuno."

Ndinapita, ndikuganiza kuti akufuna ndiwagwirire ndodo.

"Tambasula dzanja."

"Iii, amayi, ine ayi. Ana anga ali moyo."

"Onse?"

Abiti anandigwira pamkono, n'kunena motsitsa mawu, koma Tiyamike anamva.

"Tsiku lija ine ndinalipo. Ndinamunyamula ndine, m'kansalu kako kobiriwira, ndipo ndinamugoneka ndine. Anali wamkazi. Tsitsi lambiri, zala zazitali ngati za mayi ako. Tinakuuza kuti usalire, unamvera, unachita bwino. Koma ine sindinanenepo kuti sanali mwana."

Amayi, ine sindinkadziwa kuti anali wamkazi. Palibe anandiuza, ndipo ine sindinafunse, poti zoterezi safunsa. Zaka zitatu ndinkangoti "mimba ija," ngati ndikunena za malungo amene anabwera n'kupita.

Abiti anathira nzama m'dzanja langa n'kulifumbatitsa. Anati, "Mayi ako akanakhalapo akanakupatsa okha mbale iyi chaka chomwe chija. Iwe umaganiza ankanena chiyani akamawerama muno? Ankacheza ndi Lute. Ankamuuza kuti Esime wakhoza mayeso, Sitiveni wathyoka dzino, denga likudontha. Dzala, mwananga. Pano ukhoza kulira, palibe njira imene utseke. Yankho suyo ali apoyo?"

Ndinawerama pa phando loyamba ndipo ndinalira kulira kumene ndinakumeza zaka zonse zija. Ndinadzala mzere woyamba osaona bwino, mpaka Tiyamike anachita kundilozera ndi phazi pamene pali phando, nayenso misozi ili mbwembwembwe, Yankho akumukoka ndolo. Tiyamikeyo nthawi ya mtayo ija anali kusukulu, tinangomuuza pafoni kuti zinalakwika. Abiti anakhala pachulu n'kumatilamula kuti tisakwirire kwambiri. Pofika mzere wachitatu ndinazindikira kuti milomo yanga ikugwedera. Ndinali ndikumuuza mwanayo kuti ali ndi achimwene awiri, wina wamkulu wina wamng'ono, ndipo wamng'onoyo ndi wovuta.

Tiyamike anabwerera kusukulu zisanamere. Nzama paja zimachedwa, ndiye foni inkalira m'mawa uliwonse, moni weniweni osapereka. "Zatuluka?" Ine n'kuti ayi. "Mwakumba n'kuona?" Ndinati ine si iwe wozula mbewu za eni ake. Sabata yachiwiri ikutha ndinapeza dothi lang'ambika apa ndi apo, timitu tobiriwira tikusuzumira. Ndinamuimbira ndili m'munda momwemo, ndipo anakuwa mpaka anzake anamufunsa ngati wapeza mwamuna. Mapando ena anakhala opanda kanthu, monga ananenera, koma ambiri anamera.

Ndisakunamizeni kuti mantha anatheratu. Mu Febuluwale Yankho anatentha thupi, ndipo ndikuthamanga naye kuchipatala pa njinga ya Sitiveni, mumtima ndinkangoti ndi nzama zija, ndi nzama zija. Anamupeza ndi malungo, anamupatsa mankhwala, anachira. Nditamuuza Tiyamike, sananene kuti mwaona nanga. Anangofunsa ngati neti yathu ilibe zibowo. Inali nazo, ndipo ndinasoka.

Ng'amba ija itabwera, chimanga chinapota masamba n'kuyamba kuyera. Nzama zanu masana zinkangoimika masamba, kuwapinda pang'ono, madzulo n'kuwatambasulanso ngati palibe chachitika. Ndinkamufotokozera Tiyamike pafoni, iye n'kumandifunsa mafunso ngati wapolisi: apinda nthawi yanji, mbali iti, dothi lauma kufika pati ndikalowetsa chala. Akuti tsamba likaima chilili dzuwa silimenya pankhope, ndiye silitentha kwambiri, madzi sathawa ambiri. Anati zimene ndikuonazo n'zothandiza pa kafukufuku wake. Ine amene ndinalekezera fomu thu, ndinayenda modzimva sabata yonse.

Pa Isitala anabwera, titakwirira kale, maluwa achikasu a nzamazo atalowetsa ana ake m'dothi. Khalidwe lake lija linamugwira, anazula phata limodzi. Ndisanakalipe anandionetsa timibulu tomamatira kumizu, n'kuswa kamodzi ndi chikhadabo. M'kati munali mofiirira. Akuti mmenemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene chomera chimatipatsa malo ndi shuga, ito n'kumatenga chakudya cha mbewu mumpweya n'kupatsa chomeracho, chakudya chomwe chija timachifuna mu feteleza. Kufiirako ndiye chizindikiro chakuti tikugwira ntchito. Ndinakumbuka mawu anu akuti, "Pamene pachoka nzama, chimanga chimabwera chikuseka." Nditamuuza, anati mawu amenewo akawanena pamaso pa aphunzitsi ake tsiku lofotokoza kafukufuku, ndipo akanena kuti ndi a mayi ake.

Takumba sabata yathayi. Sizambiri, dengu limodzi losadzaza, koma ndi zomwe zija, zofiirira zamadontho akuda. Zambewu ndasankha zonenepa, zikauma bwino ndizibwezera mumtsuko ndi phulusa latsopano. Tiyamike ndamusungira zodzaza manja awiri, akuti akazidzala m'miphika pambali pa mitundu ina ija kuti aone ngati zanu zili zopirira kuposa zinzake. Ndinamuuza kuti yankho ndikulidziwa kale, iye anati kudziwa kwa mumtima sikulowa mu lipoti, mpaka ayeze. Zotsalazo ndinaphika zaziwisi ndi makoko omwe, ndi mchere, monga munkachitira. Mbale yoyamba ndinawoloka nayo mtsinje kukapereka kwa Abiti. Dalitso anadya mpaka kudwala m'mimba, Yankho anadzipaka kumaso konse.

Mwana wanu Tiyamike avala gauni chaka chino, Amayi. Akunena zopitiriza maphunziro, akuti pa nzama pali mafunso ambiri amene palibe anawafunsa. Amalume akuti akwatiwe kaye, ine ndawauza kuti amusiye, akufunsa mafunso ake. Tsiku la gaunilo ndidzavala chitenje chanu cha mvano chija ndipo ndidzalulutira kawiri, kwanga ndi kwanu, ngakhale andiyang'ane anthu a m'tauni.

Ndikulonjezani kuti mtsuko uja sudzadumphanso dzinja ine ndili moyo. Chaka chilichonse chimanga chikafika m'mawondo ndizipita kuchigawo chamchenga ndi mbale yanu.

Ndili ndi pempho limodzi lokha. Kumeneko mufunefune kamtsikana ka tsitsi lambiri ndi zala zazitali, kali m'nsalu yobiriwira. Kanabwera kopanda dzina, mwina n'chifukwa chake simunakazindikire. Ndinakatcha m'munda muja, pa phando loyamba, dzina lanu lomwe, Eneresi, kuti wina akaitana muzitembenuka nonse awiri. Mumuonetse Lute. Mumuuze kuti mayi ake anachedwa kumulira chifukwa anauzidwa kutero, osati chifukwa anamuiwala, ndipo mvula ikagwa ndibweranso kudzamuuza nkhani za pakhomo.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Esime